Kamtengo ka Khirisimasi pa mtumbira

Lamlungu, 13 Meyi 2007, Wakefield

Lero mtima uli mbee. Kamtengo ka spruce kamene tinagula pa Khirisimasi kaphuka nsonga zatsopano, zobiriwira ngati msipu.

Mu Januwale ndinakadzala kuseri kwa nyumba, n'kukakumbira beseni ngati kwathu kuti madzi asathawe. Ndinaiwala kuti kuno kwa azungu mvula sikata. Madzi anadikha, kamtengo n'kuyamba kufiira. A Phiri, amuna anga, anati, "Katayeni basi, anzathu onse anataya yawo."

Ndinakana. Ndinakazula n'kukadzalanso pa mtumbira ngati wa mbatata. Lero si aka kachira!

Masana ndawapeza a Phiri atanjuta pomwepo. Akuti, "Mukuvutikiranji? Kakamadzakula tidzakhala titabwerera kumudzi."

Amalankhula izi uku akuzula udzu m'mbali mwake.