Amuna anga akukana mmodzi mwa mapasa athu

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndili ndi mapasa aakazi, Suhaila ndi Sumayya, ofanana moti nanenso ndimawasokoneza. Atabadwa, amuna anga anati awiri sindingawakwanitse, ndiye Sumayya anakakulira kwa apongozi ku Area 1, m'kachipinda kopanda windo komwe amakazingiramo samusa pambaula. Tinakamutenga chaka chatha. Suhaila ndi wathanzi, koma mnzakeyu ndiye chifuwa, chimfine, zilonda, osapuma.

Tsopano bambo awo akuti, "Kwathu kulibe magazi ofooka chonchi. Uyu si wanga." Akufuna kuyezetsa DNA, koma ya Sumayya yekha. Akabwera ndi maswiti amapatsa mmodzi, winayo akuyang'ana. Zikundiwawa, Aphungu. Nditani?

S.M., Area 4, Lilongwe

Mayi S.M.,

Choyamba mundiperekere moni kwa amuna anu, adokotala aakuluwo. Mimba imodzi, nkhope imodzi, abambo awiri! Koma ndiye Lilongwe yathuyi ili ndi akatswiri.

Ine ndafunsa dokotala weniweni wa ana. Akuti mapasa ofanana chonchi amakhala ndi DNA imodzi, ngati nyumba ziwiri zomangidwa pa pulani imodzi, koma maswichi ake sayatsidwa mofanana. Utsi, zakudya ndi matenda a paukhanda zimatha kuyatsa ena n'kuzimitsa ena, ngakhale mwa asilikali a m'thupi aja amene amayamba kuthamangira tizilombo tikangolowa. Ndiye mwana wina asilikali ake amakula ogalamuka, wina aulesi kapena olusa mopitirira. Amazitcha epijenetiki. Aphunzitseni amuna anu liwu limeneli, akadzitame nalo kwa anzawo.

Musaganizire nokha chimene chikumuvuta mwana. Pitani naye kuchipatala sabata ino, muwauze adokotala za utsi wa mbaula uja osabisa, aonenso ngati analandira katemera yense. Apongozi musalimbane nawo, analera mmene akanathera.

Za DNA aloleni, bola ayezetse ana onse awiri, ndipo zotsatira zikawerengedwe pamaso pa ankhoswe. Manyazi sapha munthu, adzapepesa.

Koma achenjezeni lero lomwe kuti mwana ali ndi makutu, ndipo sadikira zotsatira. Tsiku limene Sumayya adzayambe kuwatchula kuti "bambo ake a Suhaila", palibe labotale imene idzawabwezere mwana wawo.

Aphungu