Duwa la Malemu Amayi Ake

Lolemba, 1 Sepitembala

Wafika mwana wa amuna anga, uja wa kwa malemu akazi awo oyamba. Zaka 14, wamtali kuposa pa chithunzi. Azakhali ake amene amamusunga akusamukira kutali, ndiye azikhala nafe. Katundu wake chikwama chimodzi ndi duwa m'chitini cha penti. Chikwama wandilola kumulandira, duwa ayi. Walikumbatira mpaka kuchipinda.

Makatani achikasu amene ndinamusokera sanawayang'ane n'komwe. "Zikomo anti," basi.

M'buku muno ndizimutcha Kachete.

Lachitatu, 3 Sepitembala

Bambo ake anyamuka ndi lole, akatha milungu iwiri. Potsanzikana ndinawafunsa za duwa. Akuti linali la malemu, linkakhala pa windo la kukhitchini, ndipo chaka chilichonse linkatulutsa timaluwa tofiira tothithikana. Chimwalirireni iwo, zaka zitatu tsopano, silinatulutsepo.

"Musalikhudze amayi," atero. "Ine amene sandilola."

Loweruka, 6 Sepitembala

Ndalisuzumira posesa. Masamba onenepa, osalala ngati apulasitiki. Koma tsinde latalika monyozoloka, dothi lauma gwa. Lili ndi njala ili.

Pa chakudya ndinafotokoza za kasitomala wanga uja wofuna diresi yobisa mimba koma yothina. Kachete anamwetulira mbale, osati ine. Komabe anamwetulira.

Lachiwiri, 9 Sepitembala

Ndauza mayi wa saluni yoyandikana ndi shopu yanga za duwa lija. Iye n'kuti, "Telala iwe, thira feteleza! Wa chimanga yemweyu. Kwanga mpiru umachita kuopsa." Wandikulungira mu pepala la shuga.

Mwana ali kusukulu ndalowa kuchipinda kwake. Masupuni atatu, ndakwirira ndi chala, ndathira timadzi. Pobwerera kushopu ndimangodzionera ndekha: timaluwa tofiira mbwee, iye akuthamanga, "Anti taonani!" Mpaka ndasokera kolala chozondoka.

Sindinamuuze. Aone yekha.

Lachinayi, 11 Sepitembala

Masamba am'munsi ada m'mphepete ngati ndawapsereza ndi nsimbi. Pamwamba pa dothi zoyera ngati mchere. Mayo ine.

Lachisanu, 12 Sepitembala

Wabwera nalo pabalaza ndikupinda siketi. Masamba anayi ali m'manja.

"Anti, mwalitani?"

Bodza linafika pakamwa penipeni. Ndalimeza. Ndamuuza zonse, masupuni atatu omwe.

"Anakutumani ndani?" "Bambo mwatenga. Nyumba mwatenga. Ndi ichi chomwe?"

Chibwerereni sanalankhulepo mawu ambiri chonchi. Ndinafuna kunena kuti ndimafuna kumusangalatsa, koma ndinaona kuti zimenezo n'zanga, iye sizimuthandiza. Ndinangoti, "Ndalakwa, mwanawe." Anatseka chitseko bwinobwino, osamenyetsa. Bola akanamenyetsa.

Ndinakalirira kubafa, mpopi uli wotsegula. Ine wosabereka ine, ndimayesa kulera n'kudyetsa basi.

Bambo ake aimba foni. Ndati tonse tili bwino.

Loweruka, 13 Sepitembala

Shopu sindinatsegule, mayunifolomu adikire. Ndinagogoda kwa Kachete. "Tiye nalo kwa munthu wodziwa. Kundikwiyira upitiriza pobwera." Anatuluka maso otupa, chitini pachifuwa. Njira yonse iye kutsogolo ine pambuyo.

Pamphambano pali mkulu wina wogulitsa maluwa, wa chipewa chong'ambika. Anatokosa dothi ndi chala, kununkhiza, kundiyang'ana.

"Mayi, mumati mukololemo matumba angati?"

Manyazi! Nthaka ikanang'ambika ndikanalowa.

Akuti maluwa a masamba onenepawa amasunga madzi ndi chakudya m'thupi mwawo, ndiye amadya pang'ono ngati munthu wochira kumene. Feteleza wake ndi wamadzi, theka la kachitsekero m'botolo lalikulu la madzi, kamodzi pamwezi. Ndipo uziyamba wanyowetsa dothi, ukathira pouma mizu imapsa. Panopa lipume kaye mwezi wathunthu osalawa kanthu.

Analizula. Kachete anagwira pakamwa. Mizu ina yabulauni, yofewa, koma ina yoyera. "Izi zoyerazi ndiye moyo," anatero mkuluyo. Anatsuka, anadula zakupsa, anaika dothi latsopano lamchenga. Anatulutsa mphika wadothi wokongola koma mwana anakana: "Chitinichi n'cha amayi." Mkuluyo sanatsutse, anangotenga msomali n'kuboola pansi kuti madzi azituluka. Anadulanso nsonga ziwiri, akuti ziume masiku awiri kenako tibzale padera, lalikulu likakanika pakhale potsalira.

Kenako mwana anafunsa yekha, motsitsa mawu, chifukwa chake silitulutsa maluwa.

"Limagona kuti?"

"Kuchipinda kwanga."

"Magetsi umazimitsa?"

Anayang'ana pansi.

Mkuluyo anati mtundu umenewu sutulutsa maluwa popanda mdima wautali, kuyambira madzulo mpaka kucha, kwa milungu ingapo. Si njala ayi. Ndiye ine feteleza yense uja ndimathira matenda olakwika.

Pobwera tinayenda limodzi, mbali ndi mbali. Pafupi ndi sitolo ya nsapato anati, "Ndimaopa mdima. Chimwalirireni amayi." Ine ndinkaona kuwala pansi pa chitseko n'kumati ndi mwana wokonda kuwerenga.

Chimene chinatuluka m'kamwa mwanga n'chakuti, "Ine ndimaopa iweyo."

Anaima. "Ine?"

"Ndikamva ukutsegula geti ndimakonza duku ngati kwabwera apongozi."

Anaseka mpaka kutsokomola. Chitini chinapendama, tonse tinachigwira.

Lamulungu, 14 Sepitembala

Tsamba limodzi lagwa. Sitinakambe.

Lolemba, 15 Sepitembala

Maganizo andibwerera ndikudula thalauza. Mwana magetsi asazimitse, duwa ndi limene livale mdima. Ndabwera ndi nsalu yakuda yotsala pa suti ya aphunzitsi ena. Nthawi ino ndayamba ndapempha. Wandilola.

Taliyeza ngati kasitomala. Iye kugwira tepi, ine kulemba. "M'chiuno 52," watero ndi nkhope ya ntchito. "Musathinitse anti, lili ndi mimba." Ndiye nkhani ya diresi ija anaimva!

Ndaika waya mkati kuti nsalu isakhudze masamba. Azilivundikira dzuwa likamalowa, kuvundukula popita kusukulu. Nsonga ziwiri zija wabzala m'makapu othyoka zogwirira.

Lachitatu, 17 Sepitembala

Silinagwe tsamba dzulo ndi lero. Bambo ake afika, aona chinthu chakuda pa windo. "Kodi m'nyumba muno mwalowa loya?" Kachete wawafotokozera zonse, za mizu, za mdima. Za masupuni atatu sanatchule. Ndawauza ndekha. Andiyang'ana, ayang'ana mwana, apempha madzi osamba.

Loweruka, 20 Sepitembala

Cha m'ma 10 ndili pa makina, ndangoona munthu pakhomo la shopu. Kachete, kapu m'manja. Sanafikepo kuno, akuti njira anafunsa bambo ake.

Waika kapu pa windo, pakati pa mabatani ndi choko. Kansonga kaja kaimirira bwino, pamwamba pakutuluka timasamba tiwiri tating'ono ngati makutu a mbewa. Pa kapu wamata pepala: "Feteleza pa 13 Okutobala. Theka la kachitsekero. MUSANATHIRE MUNDIFUNSE."

"Ili ndi lanu," watero. "Mukalipha musabwere kwa ine."

Mayi wa saluni anasuzumira, ataona duwa anabwerera chamsana.

Ndimayesa azipita, koma anayamba kuzungulira, kugwira nsalu, kununkhiza mafuta a makina. Kenako, akuyang'ana ulusi osati ine: "Amayi ankasoka pamanja. Mabatani awo ankathothoka tsiku lomwelo. Bambo ankanyamula mapini m'thumba." Anaseka pang'ono, maso atadzaza. Ine phee, kuopa kuti ndikayankha asiya. Ananenanso zambiri: kuti anali amanzere, kuti ankayetsemula katatu nthawi zonse, kuti duwa lija analipempha kwa namwino wina ali ndi pakati pa iyeyo.

Atamaliza anapukuta mphuno ndi kansalu ka kasitomala.

"Chopondera cha makinachi chimavuta?"

"Poyamba chimabwerera m'mbuyo."

"Tasunthani ndione."

Ndasuntha. Wakhala, wavula nsapato.