Chimene Chinkadya Batire

Lolemba, 3 Juni

Galimoto yabwera. Injini ina, yogwirapo kale ntchito, koma kalilidwe kake kosalala. Utsi palibe. Ndayenda nayo mpaka kumapeto kwa msewu ndi kubwerako, popanda chifukwa. Mtima pansi.

Alamu akhala nayo mwezi wathunthu ku galaja kwawo. Mng'ono wawo wa malemu bambo a m'nyumba muno, ndiye kupita kwa makaniko wina kukanakhala kuyamba mlandu. Pondipatsa kiyi: "Alamu, mudzatopa ndinu, iyi ayi." Kudzitama sadzasiya.

Chachikulu, yabwera pa nthawi yake. Mwana wanga watopa, kusikelo akuti tsiku lililonse. Mwamuna wake ali kutali kuntchito. Woyendetsa ndine ndekha. Chipatala si pafupi, ndipo msewu wathuwu a matakisi amaukana.

Lachitatu, 5 Juni

Dzulo bwinobwino, kokagula nsalu ndi kubwerako. Lero m'mawa kupotoza kiyi, tcha tcha tcha, basi. Zii. Batire latheratu.

Aneba abwera ndi mawaya awo, yalira. Alamu pafoni akuti batire linakalamba kale, mwezi wonse linangokhala. Mwina ndi zoona. Ndagula latsopano. Thumba likudandaula, koma bola tulo.

Lachisanu, 7 Juni

Latsopanonso lagona.

Ndinangokhala pampando, manja pachiwongolero, misozi ili pafupi. Mwana pakhomo, dzanja m'chiuno, mimba patsogolo. "Amama, musadandaule, mudzandikankha pa wilibala." Kuseka ndaseka, koma basi. Ndikuopa.

Alamu abwera ndi kamita kawo. Injini ikamalira, batire likutchajidwa bwino, ndiye olotaneta, makina otchaja batire aja, alibe mlandu, akutero. Ayang'ana kababu ka m'buti, nyali ya m'kati, wailesi. Zonse zimazima. Mapeto ake akuti mwina ndimaiwala nyali zoyaka. Ine! Ndinayamba kuyendetsa iwo akadali ndi kabudula wobooka kumbuyo.

Chabwino chimodzi, andionetsa kumasula mutu wa batire madzulo, kumanganso m'mawa. Sipanala ili m'thumba la epuloni, pamodzi ndi tepi yoyezera.

Loweruka, 8 Juni

Kumanga mutu, kupotoza, yalira. Ndapuma. Ndiye batire ndi labwino. Pali chimene chimaliyamwa galimoto ikaima.

Koma moyo wa sipanala uwu ayi. Lero kale yagwera m'kati mwa injini, ndachita kuikola ndi waya wa hang'ala. Nanga tsiku limenelo, mwana akubuula, ine ndikukola sipanala ndi waya?

Lolemba, 10 Juni

Dzulo kunali alendo mpaka madzulo, mutu wa batire sindinamasule. M'mawa tcha tcha tcha. Kutsegula boneti kuti aneba atithandizenso, mphaka wawo ali phee m'kati, wadzipinda pa olotaneta. Ine kukuwa. Iye kungoyasamula.

Mwana akuti si zachilendo. Msana umamudzutsa m'mamawa, amakhala pakhonde, amamuona akutuluka kunsi kwa galimoto chibwerereni kuchokera ku galaja. Koma Loweruka ndi dzulo anamupeza atagona pampando wa pakhonde. Mamawa omwewo amene batire linagona lomasula.

Ndinaima kaye. Mphaka sagona pozizira. Kugwira injini, zii ngati mwala. Kugwira olotaneta, wofunda ngati kapu ya tiyi yoiwalika patebulo. Galimoto yoti ili chizimire kuyambira dzulo masana!

Foni kwa alamu. Ndafotokoza. Kenako iwo, "Ndibwera mawa m'mawa. Lero masulani."

Lachiwiri, 11 Juni

Chapezeka!

Ndilembe ndisanaiwale. Pulagi ya olotaneta wa injini iyi sinkalowa m'mawaya a galimoto. Alamu anaidula n'kulumikiza okha. Pali waya umodzi wodzutsa olotaneta, uyenera kulandira moto pokhapokha kiyi akapotozedwa. Iwo anaulumikiza ku waya wokhala ndi moto nthawi zonse. Ife tikugona, olotaneta ali maso, akudya batire.

Chifukwa chake ndiye chandimaliza. Alamu sagwira ntchito popanda makwaya. Wailesi ya ku galaja inafa, ndiye ankapotoza kiyi wa galimoto yanga kuti azimvera yanga. Poyesa mawaya ndi kababu kawo, onse ankayatsa, poti kiyi anali wotsegula. Anangotola wapafupi, akuimba besi.

Aulula okha, chipewa m'manja. "Alamu, nyimbo zandipweteketsa." Mawu owakalipira ndinali nditakonza kale, otentha bwino. Kuona nkhope yawo, ndaseka mpaka kutsokomola. Mwana akuseka atagwira mimba, akutipempha kuti tisiye.

Asuntha wayawo, wailesi ili chete, mwina koyamba m'moyo wawo. Kenako kababu pakati pa batire ndi waya wake, kiyi ali m'dzanja langa. Asanasunthe wayawo kanayaka. Tsopano ayi. Andiuza kuti ndiyang'ane ndekha, ndayang'ana kawiri.

Ndawapangira tiyi wamkaka. Mapewa anga apepuka.

Lachinayi, 13 Juni

Osamasula chilichonse. Dzulo yalira. Lero yalira. Ndikumaidzutsa m'mawa popanda kopita, kungofuna kumva. Aneba akuti ndikutha petulo pachabe. Awo ndi maganizo awo.

Sipanala yabwerera m'bokosi. Chikwama cha kuchipatala chili kale kumpando wakumbuyo, matewera, bulangeti, tizovala ndinasoka tija. Ndayambanso kugona tulo teniteni. Madiresi a ukwati wa makasitomala akundidikira pamakina.

Loweruka, 15 Juni

Pabenchi la kuchipatala, kope pabondo. Zolemba zokhota.

M'mawa ndikusita madiresi, mwana ali kubafa: "Amama, nsupa yasweka." Galimoto chiimire kuyambira Lachinayi, dzulo sindinaiyese, ntchito inandichulukira. Ndamukhazika kumbuyo. Ndakhala pachiwongolero, kiyi ndalowetsa, dzanja likukana kupotoza. Iye akuluma mano. "Amama, lizani!"

Kamodzi. Kamodzi kokha.

Njira yonse ine kuyamika Mulungu mokweza, iye kundiuza kuti ndiziyang'ana msewu. Azamba pomulandira ati tikanachedwa pang'ono akanachirira m'galimoto.

Mwamuna wake ndamuimbira, ali m'basi. Alamu afika ndi ovololo, oilo mpaka m'zigongono, wefuwefu. Osafunsa za wodwala, osapereka moni. "Inalira?" Ndati inalira. Akhala pansi, nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Sindinawaseke.

Chitseko chatseguka. Namwino akuti wachira, onse awiri ali bwino, agogo ake alowe. Ndacheuka kufunafuna nkhalamba pabenchipa.

Akunena ine. Ndikulowa.