Vaisi ya bambo ili m'beseni la mwana

Bambo a mwana,

Pepani, mwafika pakhomo popanda wokulandirani. Musadabwe ndi chitsulo chili m'beseni la mwana. Ndi vaisi ya malemu bambo anga, yopanira zitsulo ija. Ndinaipeza Lachiwiri kwa mkulu wogula zitsulo zakutha, ili dzimbiri lokhalokha. Ndinaizindikira chifukwa imamanga ukapotokolera kumanzere, osati kumanja ngati zinzake, ndiye musaikakamize.

Ndinainyika mu oyilo wakuda masiku anayi, n'kuikwecha ndi bulashi ya waya, dzulo yayasamula kukamwa. Ndinaomba m'manja ndekhandekha, mwana n'kumangondiyang'ana. Beseni latha ntchito, musakalipe. Mwini wake akusambira m'ndowa ndipo sanadandaule.

Ndathamangira kwa mkulu uja, mwana kumsana. Chogwirira chake chinatsalira pamulu, ndipo lole ibwera kudzatenga zonse masana ano.

Patebulo lakuseri ndaboola kale, mabawuti ali m'kapu. Koma kuikweza pamafunika anthu awiri. Pobwera nayo anandithandiza wa wilibala, muno ndilibe wondigwirira mbali inayo. Abwana anu akaimba foni za ulendo wina, auzeni adikire. Musanyamuke ndisanabwere, chonde.

Ndine mayi a mwana