Zimene a Murdo Analemba pa ZX81

Loweruka, 3 Okutobala 1981

Mvula. Miyezi isanu chidwalireni sitiroko a Murdo. Dzanja lamanja lakufa, pakamwa zii. Zaka 26 m'banja, tsopano kumangoyang'anana.

Lero ndabwera nayo ZX81. Kufakitale kuno ku Dundee ndimawotcherera timawaya ta makompyuta omwewa tsiku lonse, koma yangayanga ndinali ndisanaiganizepo. Mapaundi 70, ndalama ya chikhoti cha m'chisanu. Senga, mnzanga wa pabenchi: "Iwe Ishbel, kachinthu kopepuka ngati buledi aka nkumulankhulitsa munthu?"

Lolemba, 5 Okutobala

Ndailumikiza ku TV. Zilembo zakuda poyera, phokoso ilibe. Mabatani 40, osatumphuka, ngati ongojambula. Chala chimodzi chikukwana. Ndawaonetsa: akanikize 1, kenako E, patuluka REM, basi azilemba. Zilembo zazikulu zokhazokha.

Mphindi khumi, thukuta lili kamukamu. Mawu awo oyamba:

TIYI WAKO NGOZIZIRA

Ndaseka mpaka kukhala pansi. Kenako kubafa, kukalira.

Lamulungu, 11 Okutobala

Munthu wabwerera m'nyumba. Akufuna mpira pawailesi, masokosi aubweya, zenera lotsegula. Akudandaula za mchere.

Ndawauza monyada kuti mkati muli matchipi anayi okha, tizipangizo toganizira tija, pomwe ya chaka chatha inali ndi 21. Iwo: NCHIFUKWA CHAKE NJOPUSA. Sakunama. Kamutu kake nkochepa, 1K basi. Mizere ingapo kadzadza, ndifufute. Pozimitsira palibe. Umangozula chingwe, zonse n'kufafanizika.

Lachiwiri, 20 Okutobala

Pobwera kuntchito ndapeza pa TV:

NDIKUFUNA KUONA RHONA PIRIE

Rhona. Kondakitala wa basi yomwe a Murdo ankayendetsa. Ndinamuonapo kawiri, wa tsitsi lofiira. Ndafunsa chifukwa, chikhoti chili m'thupi. Kotala la ola, ine chiimire.

ZAKA 14. PEPA ISHBEL

Ndazula chingwe.

Lachitatu, 21 Okutobala

Sindinailumikize. Kuwasambitsa, kuwameta, kuwadyetsa phala. Maso awo pachingwe basi. Matenda anawatseka pakamwa, lero ndawatseka ndine. Ndikudziwa.

Lachinayi lililonse, ati kumasewera oponya timivi ku bala ndi anzawo. Ine n'kumawasungira chakudya mu uvuni. Zaka 14 za chakudya cha mu uvuni.

Kuntchito ndadziwotcha chala kawiri.

Loweruka, 24 Okutobala

Senga: "Kaponye mumtsinje wa Tay kachinthuko, mwini wake apite pambuyo." Anena bwino, koma amene amawatembenuza pabedi si iye.

Ndailumikiza. Ndimati mwina alemba zina. Mwina za ine. Chala chawo chikusaka. R. Kenako H. Sindinadikire chachitatu.

Nambala ya Rhona ili m'buku la mafoni, poyera, zaka zonsezi. Wayankha yekha. "Ndimadutsa pamsewu wanu Loweruka lililonse," wati, "koma kugogoda ayi." Ndamuuza kuti abwere Lamulungu linalo, osati mawa. Sabata imodzi ndiyanga.

Lachisanu, 30 Okutobala

Ndachapa makatani. Za chiyani kaya.

Lamulungu, 1 Novembala

Wafika 2 koloko. Imvi, miyendo yotupa, mabisiketi m'manja. Ndimayembekeza mkazi wokongola woti ndidane naye bwinobwino. "Zikomo, mayi Gellatly," maso pansi.

Ndawakonzera zonse ngati nesi. TV, chingwe, 1 ndi REM. Ndamuonetsa pofufutira, ndamuuza kuti azileza mtima, mawu amodzi amatenga nthawi. Ine kukhitchini, chitseko chotseka. Maola awiri kusenda mbatatesi zokwana anthu khumi. Mawu ake okha, pansipansi, osamveka bwino. Nthawi zina zii. Kenako chinthu chomwe sindinachimve chiyambire Meyi. A Murdo kuseka.

Atapita ndalowa kukatenga makapu. A Murdo ali mtulo, nkhope yosalala ngati ya mwana. Pa TV pali 1 REM, monga ndinasiyira. Sanalembepo ngakhale chilembo chimodzi. Sanafunike kutero. Iye amawamva choncho.

Waiwala magolovesi pampando. Ndiye kuti abweranso. Ndawapinda, ndawaika pafupi ndi moto kuti aume, sindikudziwa chifukwa chake.