Ulusi wa Mai Regina

Lolemba, 10 Januwale 1994

Sabata yachitatu pafakitale ku Etobicoke, kuno kutsidya kwa nyanja. Basi, sitima ya pansi, basi ina. Kuzizira koumitsa m'mphuno. Zaka khumi ndi chimodzi ndikuphunzitsa sayansi ku Zomba, lero ndikudula mabulangeti. Mkazi wanga Vainess akuti, "Ndege yonse ija, kudzadula mabulangeti?"

Ndamufotokozera. Si bulangeti wamba. Ndi nsalu yowotchedwa popanda mpweya mpaka kutsala kaboni yekhayekha. Yakuda ngati makala, yopepuka ngati thonje. Amaiyala m'kati mwa ng'anjo zolimbitsira zitsulo. Amayamba apopa mpweya wonse m'ng'anjomo, kenako kutentha kupitirira madigiri chikwi. Pamtetete ikanapsa. Koma popanda mpweya moto ulibe chakudya, ndiye imangogwira kutenthako kuti kusathawe. Anaganiza zimenezi anali munthu. Ndisanamalize, Vainess anali atatsika kukachapa.

Lachinayi, 13 Januwale

Mai Regina. Kwawo ku Chipata, utelala anachitira ku Lusaka zaka makumi awiri, madiresi a ukwati. Pano chaka chachisanu. Ine ndimadula, iwo amasanjikiza zidutswa zinayi n'kusoka pamanja ndi ulusi wa kaboni.

Ulusiwo ndi wamwano. Ukaupinda kwambiri, wathyoka. Ukamangitsa, bulangeti limaphwatalala ndipo kutentha kumadutsa. Ukalekerera, limalendewera. Iwo sayeza, chala chimadziwa chokha. Atapita kukadya ndinatenga rula. Mpata uliwonse wofanana ndi unzake, kuyambira uku mpaka uko. Anandipezerera. "Ba Ticha, manje mufuna kunimaka? Nipatseni teni pa teni, osaumira."

Ndawapatsa.

Lachiwiri, 18 Januwale

Manja ang'ambika. Chisanu, kuphatikizapo fumbi la kaboni loyabwa ngati chitedze. Vainess wandiikira botolo la mafuta odzola m'thumba la jekete. Akuthandiza. Magolovesi amandisokoneza podula mokhota, ndiye pamenepo pokha ndimavula.

Oda yaikulu ya kampani ina ku Oshawa, yolimbitsa magiya a galimoto. Ithe Lachisanu. Ndidakali m'miyezi itatu yoyesedwa, kuchedwa ayi. Mai Regina amasoka akuimba chapansipansi, ndipo amandidikira ndi iwo.

Lachinayi, 3 Febuluwale

Zavuta. A ku Oshawa aimba foni. Magiya oyamba atuluka ndi mawanga, onse otaya. Akuti m'mabulangeti muli mafuta.

Boyd, kapitawo wathu, wasecha paliponse. M'kabati ya Mai Regina wapezamo kandulo. Wina wamuuza kuti matelala amapaka ulusi kandulo kuti uziterera, ndipo ndi zoona, amatero. Iwo anangoti, "Iyo ni ya kuchalichi. Ulusi uyu sufuna kandulo, ine sindine mwana." Awauza kuti akhale kunyumba mpaka Lachitatu, akuluakulu agamule ngati apitirize ntchito.

Sanakweze mawu. Anapinda epuloni bwinobwino, anaika singano m'malo mwake, anatsazika aliyense ndi dzina. Ine ndikanalira.

Loweruka, 5 Febuluwale

M'mawa, pa tiyi. Ndimamufotokozera Vainess chifukwa chake kadontho ka mafuta ndi nkhani yaikulu. Popanda mpweya, pakatentha, mafuta amasanduka nthunzi. Nthunziyo ilibe kolowera, imakamata pachitsulo. Ngakhale ochepa ngati otsala pa chala.

Ndikunena zimenezi, ndikudzola manja.

Mawu anandithera pakati. Vainess anayang'ana manja anga, kenako botolo.

Lolemba, 7 Febuluwale

Sindinanene. Boyd wadutsa patebulo panga katatu.

Pamalo pa Mai Regina aikapo wina. Mizere yake ngati pomwe payenda nkhuku. Wathyola ulusi tsiku lonse.

Ndikanena, ntchito yatha. Lendi. Makalata ofunsira ntchito kuyambiranso, mafunso omwe aja oti kuno ndinagwirapo kuti. Ndikapanda kunena, mayi wa ana awiri a pakoleji achotsedwa chifukwa cha kandulo yopempherera. Ana asukulu ndinkawauza kuti zotsatira ulembe zomwe wapeza, osati zomwe umafuna. Kunena kunali kosavuta.

Lachiwiri, 8 Febuluwale

Ndanena. Botolo ndinaliika patebulo la Boyd. Mantha anandichititsa kufotokoza mopitirira, mpaka kujambula ng'anjo papepala, mivi ndi nthunzi yomwe. Boyd anamvetsera mpaka kumapeto. Munthu wabwino ndithu. Anandithokoza, kenako anati lamulo la magolovesi ndinalisayinira ndekha. Tsiku langa lomaliza ndi Lachisanu.

Mai Regina awaimbira ine ndili pomwepo.

Vainess akuti, "Ndinakuikira ndine botololo." Ndamuuza kuti magolovesi sanavule ndi iye.

Lachitatu, 9 Febuluwale

Abwera. Chipewa chaubweya, jekete lofika m'maondo. Ndinakonzekera mawu pa basi ulendo wonse, koma sanandipatse mpata.

"Ninakumbuka tsiku lomwe lija ananibweza kunyumba, nili pa basi. Magolovesi patebulo, manja yanu kung'anima monga vitumbuwa."

Ndinafunsa chifukwa chake sanandinenere kwa Boyd.

"Ine sindine wapolisi. Pakamwa muli napo, Ba Ticha, pakulu kupambana tonse muno. N'nali kuwerenga chabe masiku."

Masiku asanu akudziwa, ntchito yawo ili pachiswe, osaimba foni. Ndafufuza m'mutu mwanga momwe ndingafotokozere zimenezi. Palibe.

Masana anakoka mpando pafupi ndi wawo, kundiponyera magolovesi atsopano, kenako singano. "Masiku yasala yabili. Muchokeko na kanthu."

Ulusi ndathyola kanayi. Kachisanu wagwira. Anaupenda ndi chala, n'kuumasula wonse.

"Yambani futi."