Chala cha Apongozi

Lolemba, 15 Juni 1981

Kalata yochokera ku Lusaka yafika pa ofesi yathu ya zantchito. Akuti poti Zimbabwe yadzilamulira, amene anavulala pa mgodi wina wa kumeneko akhoza kupempha chipukutamisozi kudzera m'boma lathu. Mafomu akafike mwezi usanathe. Wosadziwa kulemba adinde chala, ndipo chidindocho chifanane ndi cha pa kontirakiti yake yakale.

Ndikutayipa mayina, dzina lachisanu ndi chiwiri: Whiteson Nyirenda. Apongozi anga enieni, bambo ake a mwamuna wanga Mizeck! Zaka khumi ndi zinayi akugwira ntchito mu mgodiwo, pansi pa nthaka. Anabwerako ndi njinga, chifuwa chosatha, ndi dzanja lamanja la zala zitatu. Khasu likuwakanika. Zikatheka, ng'ombe ziwiri ndi pulawo.

Sopo palibe m'tauni monse.

Lachitatu, 17 Juni

Apongozi abwera ku ofesi, jekete lawo la ku tchalitchi. Ine zii kuseri kwa kabati ya mafayilo, mayi wa ana awiri. Mwambo wa kuno si wa kwathu ku Chipata. Mkamwana sayang'ana apongozi aamuna kumaso, sakhala nawo pafupi, kuwakhudza ndiye ayi ndithu. Zaka zisanu ndi chimodzi tikulankhulana kudzera mwa akazi awo, amama a Eness. Koma mtedza woyamba kukumbidwa ndimaupeza pakhomo panga chaka chilichonse, ndipo ndikudziwa njinga imene imaubweretsa.

A Haswell, bwana wanga, apita ku Chipata ku semina ya Chipani, adzabwera mwezi wamawa. Chala wawadinditsa ndi Danwell mesenjala. Apongozi akanikiza ngati akuboola mwala. Chatuluka chibanga chakuda, mizere osaoneka n'komwe. Lusaka inatumiza mafomu awiriawiri. Yatsala imodzi.

Lachisanu, 19 Juni

Chala sadinda ndi mphamvu. Umagwira dzanja la munthu, kulifewetsa, n'kugubuduza chalacho pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kufika mbali inayo. Tinaphunzira awiri, a Haswell ndi ine. Ndipo wogwira dzanjayo ndiye amasayina pansi kuti ndi wa boma.

Ndauza Mizeck. Waseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Iwe Consolata, ufuna kugwila dzanja la adada? Kumudzi azakamba mpaka Khisimasi." Ndamuuza kuti akalime yekha munda wa bambo akewo ndi mano. Sanasekenso. Mwamuna wabwino, koma pa zinthu za kwawo ndi wamantha ngati nkhuku yogula dzulo.

Lolemba, 22 Juni

Amama abwera ndi uthenga. Apongozi akuti zisiyeni. Mawu awo, monga andiuzira amama: "Ndalama za azungu zingapite. Mwana wa eni sindingamuchititse manyazi."

Ndalira pamaso pa amama, osabisa. Kampani ili kutsidya kwa Zambezi, maloya ake, maboma awiri kulemberana makalata chaka chathunthu, zonsezo n'kudzathera pa ine kuopa dzanja la nkhalamba imene imandikonda. Zandikwiyitsa. Ndati, amama, kodi palibe njira? Ayamba ayang'ana kaye denga. Kenaka akuti njira ilipo, koma nthawi zambiri imadikira mkamwana atamera imvi. Apongozi akapereka mphatso pamaso pa anthu, mwambo umamasuka. Adzudzula kuti ofesi yathu imachedwa kunena zinthu, n'kunyamuka osamwa madzi.

Basi ya ku Chipata yonyamula makalata ndi Lachisanu m'mawa. Ikatiphonya, zatha.

Lachitatu, 24 Juni

Palibe wabwera. Ndatayipa kalata imodzi katatu.

Lachinayi, 25 Juni

Nthawi ya teni, phokoso pakhonde. Apongozi, amama, azakhali awiri a Mizeck, ndi nkhuku yoyera yomanga miyendo. Mu ofesi ya boma! Danwell amafuna kuiletsa, azakhali amuyang'ana kamodzi, wakhala pansi.

Ndagwada pasimenti. Nkhuku aiika m'manja mwanga apongozi, iwo eni. "Monile, mwana wane." Koyamba kundilankhula mwachindunji. Ndayankha "Yewo, adada."

Ndiye dzanja lija. Lolemera, lokhakhala, lotentha. Pamene panali zala ziwiri pali chipsera chosalala. Sindinaliwonepo pafupi. Ndaligwira. Ndati, adada, lekani dzanjali likhale ngati lagona, ntchito ndi yanga. Akuti ku mgodi kapitawo sanawauzepo zimenezo. Azakhali kuseka, ine kugubuduza. Mizere yonse mbee, ngati ya m'buku. Ndasayina pansi dzina langa.

Nkhuku yaipitsa pa fayilo ya a Haswell. Ndapukuta.

Lamulungu, 5 Julayi

Kumudzi. Nditawaona adada akubwera m'njira, miyendo yandithawitsa yokha kupita kuseri kwa nkhokwe. Andiitana, akuseka mpaka chifuwa kuwagwira. Inki ikadali m'mbali mwa chikhadabo. Amama akuti si vuto la sopo ayi, iwo ali nako kachidutswa. Adada akukana dala kutsuka chalacho.

Akutsokomola kwambiri kuposa mwezi watha. Mulungu, yankho lisachedwe.

Lachiwiri, 10 Novembala

Yankho labwera! Mwa anthu khumi ndi awiri, avomera asanu. Enawo akuti zidindo sizikuwerengeka, ndipo mtima ukundiwawa chifukwa cha iwo. Dzina la adada lilipo. Ng'ombe ziwiri sizikwana, koma imodzi ndi pulawo zitheka, inzake adzabwereka. Mvula isanagwe.

Pakufunika chala china pa lisiti. A Haswell atulutsa kale inki, akwinya malaya, koma adada abisa dzanja m'thumba la jekete. Ndikuwamva kuchokera pano: "Bwana, pepani. Dzanja ili lili na kalaliki wake."

Akundiitana. Ndisambe kaye m'manja, pepala la kaboni landidetsa, ndiye ndipite.